Gulu la Ana ndi Zidzukulu za Anaphiri: Denga la Agogo

Lachisanu usiku

Yohane kumudzi: Akuluakulu, zithunzi zija ndatumiza. Onani kuchipinda kwa agogo, malata achita dzimbiri mpaka kubooka. Mapulanga apakati chiswe chadya, ukakhudza akungoyoyoka.

Mayi Esinati: Mayo ine! Amayi akugona mmenemu?

Yohane kumudzi: Anasamukira pabalaza, mayi aakulu. Koma mvula ikayamba pabalazaponso pamadontha.

Malume Lameki: Moni nonse. Za denga ndamva. Koma ine ndinanena kale, chiliza cha bambo choyamba. Bambo anagona 2019, mpaka lero pamanda palibe ngakhale njerwa imodzi. Anthu akutiseka.

Tiyamike: Malume moni. Ndipempheko kuti tigwirizane kaye, ndalama tikusonkhazi n'zachiyani kwenikweni? Gululi tinatsegula mu Julayi titati denga. Ndabwerera m'mbuyo kuwerenga, ndapeza kuti panopa tikukamba denga, chiliza, chimbudzi chatsopano, sola, mpanda, chitenje cha banja ndi tenti ya tsiku la mwambo. Aliyense akasonkha akumaganiza chake. Thumba ndi limodzi.

Chifundo: Chitenjecho ndinanena ine, koma ndimati aliyense adzagule yekha

Mayi Ruth: Sola si nkhani yamasewera. Amayi anagwa usiku akufuna tochi, mwaiwala?

Malume Lameki: Chiliza choyamba.

Mayi Joyce: Musanapitirire, nayi ndalama yomwe ndasunga. Pangano linali ana K200,000, zidzukulu zogwira ntchito K80,000.
Achemwali Esinati K200,000
Ruth ndi alamu K200,000
Ine K200,000
Achimwene Lameki K50,000
Madalitso K200,000, anawonjezera yekha
Tiyamike K80,000
Chifundo K80,000
Mphatso K40,000
Zonse K1,050,000
Kondwani ndi Grace sindinalandire kalikonse. Yohane tinati iye asonkha thukuta.

Mphatso: Yotsalayo pa 25 anti, tikalandira

Mayi Joyce: Mwezi watha unatinso pa 25 mwanawe.

Malume Lameki: Ine dzina langa lisamalembedwe pagulu ngati wangongole. Ndine ndinathamanga ndi maliro a bambo, enanu munabwera ndi masuti tsiku loika.

Mayi Esinati: Achimwene, za nthawi ija tisazidzutse. Aliyense akudziwa zomwe anapereka ndi komwe zinapita.

Madalitso Joni: Mmm

Bambo a Pemphero: Ine mkamwini sindilankhula zambiri. Ndingofunsa, kalipentala ananena zingati?

Yohane kumudzi: Anabwera kudzayeza Lachitatu alamu. Akuti nyumba yonse pamodzi ndi khitchini yakuseri K1,780,000. Ndiye malata a geji 28, mapulanga, misomali, mankhwala opaka mapulanga kuti chiswe chisadye, ndi ntchito yake. Kunyamula katundu mulibemo.

Tiyamike: Ndiye onani. Ngakhale onse otsala atamaliza, tifika K1,400,000. Denga lokha silikukwana. Chiliza, sola ndi mpanda zichokera pati?

Malume Lameki: Denga likhoza kudikira. Muikepo pepala lapulasitiki chaka chino.

Mayi Ruth: Achimwene!

Malume Lameki: Ndikunena monga mwinimbumba. Chiliza choyamba.

Loweruka m'mawa

Mayi Esinati: Mwadzuka bwanji ana anga. Ambuye akudalitseni lero ndi mabanja anu onse 🙏

Chifundo: Amen amayi

Mayi Ruth: Amen. Pemphero wakhoza MSCE, anthu inu! Tikudikira zosankhidwira ku yunivesite tsopano

Mayi Joyce: Lululululu! Mwana wa Anaphiri ameneyo!

Madalitso Joni: Zabwino zonse mfana. Ukuti ufuna kudzapanga chani?

Mayi Ruth: Akuti zaulimi ku Bunda

Malume Lameki: Atengera ine ameneyo.

Mphatso: Adha Mada, masewera a Bullets ndi Manoma mumaonera kumeneko?

Madalitso Joni: Pa Facebook basi. Koma Noma ya chaka chino ayi ndithu

Chifundo: Chitenje chija ndapeza kwa mayi wina ku Malangalanga, cha buluu ndi golide. Nditumize chithunzi?

Yohane kumudzi: Pepani ndikudulani. Dzulo madzulo kunachita mitambo cha ku phiri la Dedza, kunagunda ndithu. Kalipentala akuti akapanda kumva kwa ife pofika Lachiwiri akayamba ntchito ina ku Chimbiya, ndipo abwera kumapeto kwa Novembala.

Mayi Esinati: Kumapeto kwa Novembala? Nanga angasasule denga mvula ili pamutu?

Tiyamike: N'zomwe ndimanena amayi. Pa zonse tatchulazi, chomwe chili ndi tsiku lake ndi denga lokha, ndipo tsikulo sitinaike ife, yaika ndi mvula. Chiliza tikamanga mu Ogasiti chidzakhala chiliza chomwecho. Denga tikaphonya Okutobala ndi Novembala, agogo akhala m'madzi mpaka Malichi, ndipo khoma la kuchipinda lija ndi la njerwa zomangira dothi, likamwa madzi chaka china tidzakamba zomanga nyumba yonse.

Malume Lameki: Iwe Tiya, zakuofesi kwanu usabweretse pano. Banja si bungwe.

Tiyamike: Pepani malume ngati ndalankhula mopyola. Sindikukana chiliza, agogo aamuna ndi amene anandilipirira Fomu 1. Ndikungoti tilembe chomwe tikuchita panopa ndi chomwe sitikuchita panopa, kuti amene akutumiza ndalama adziwe yagula chiyani.

Madalitso Joni: Apo ndiye ndikugwirizana naye. Ine ndinatumiza pa Mukuru ndikudziwa kuti ndi ya malata. Kuno rand sitimatola pansi, ndimaimirira usiku wonse pageti. Ya 2021 ija ndinatumizanso ndikudziwa kuti ndi ya chinachake.

Mayi Joyce: Mada, basi.

Madalitso Joni: Sindinatchule munthu anti

Malume Lameki: Amene ali ndi mawu alankhule poyera.

Mayi Esinati: Palibe ali ndi mawu achimwene. Mapanga awiri avumbwitsa. Titenge limodzi.

Bambo a Pemphero: Nanga titagula malata a geji 32? Amatsika mtengo ndithu.

Yohane kumudzi: Ndi opyapyala alamu. Omwe alipowa ndi amtundu womwewo, onani mmene athera. Komanso kuno mphepo ya Julayi mukuidziwa, misomali imazuka malata akakhala ofewa.

Mayi Ruth: Tisagule zoti tidzasonkhenso zaka zisanu zikubwerazi

Tiyamike: Achimwene Yohane, khitchini ija ikudontha ngati kuchipinda?

Yohane kumudzi: Ayi, ndi yamwaye chabe. Ndipo pa malata akalewo, a mbali ya kumpoto ena ndi abwinobwino. Tikhoza kusankha n'kuphimbira khitchini tokha ndi anyamata.

Tiyamike: Mufunseni kalipentala kuti popanda khitchini ndi zingati.

Malume Lameki: Ndiye chiliza mwachitaya?

Mayi Joyce: Grace ndi Kondwani, timizere tikuoneka ta buluu. Tikudziwa mukuwerenga.

Kondwani watuluka m'gulu

Mphatso: Eee

Mayi Ruth: Musiyeni, ntchito inatha mu Ogasiti. Sananene chifukwa cha manyazi

Mayi Joyce: Nanga bwanji osandiuza kumbali? Ine ndikanamulemba pagulu?

Mayi Esinati: Ndimuimbira ine.

Loweruka madzulo

Yohane kumudzi: Netiweki inavuta, ndakwera pachulu. Akuti popanda khitchini K1,420,000. Koma akuti mtengo wa malata awutenge Lolemba, sangalonjeze kuti ukhala womwewo sabata yamawa.

Bambo a Pemphero: Zoona zimenezo. Chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023 muja, mtengo wa m'sitolo za zomangira sumagona pamodzi. Ndalama yosunga pafoni ikungosungunuka. Gulani malata msanga ngakhale zina zisanakwane.

Mayi Joyce: Ndiye tichotse ya Kondwani. Otsala akamaliza tifika K1,320,000. Yapelewera K100,000, osawerengera galimoto.

Madalitso Joni: Galimoto ndilipira ine. Koma ndilipira dalaivala mwachindunji

Grace: Pepani ndinali ku chipatala ndi mwana. Ndatumiza K80,000 pa Airtel Money anti, onani

Mayi Joyce: Yafika mwanawe. Mwana ali bwanji?

Grace: Malungo, koma watuluka

Mayi Esinati: Mulungu ndi wabwino. Uzimugoneka mu neti iwe

Mayi Ruth: K100,000 ija tigawane ife atatu ndi achimwene, K25,000 aliyense

Malume Lameki: Ine ndiwonjezere bwanji pa chinthu chomwe sindinavomere? Chiliza choyamba, ndinanena.

Mayi Esinati: Achimwene ndimvereni. Dzulo ndinalankhula ndi amayi pafoni ya Yohane. Sanadandaule za denga, mukuwadziwa. Anangondifunsa ngati bulangete lija ndinawagulira lingachapidwe, chifukwa likununkha chinyontho cha chaka chatha. Amayi ali moyo. Bambo akanakhalapo akanakwera okha padengapo.

Malume Lameki: Ndiye ine ndimadana ndi amayi?

Mayi Esinati: Sindinatero.

Tiyamike: Malume, chiliza palibe wina angachitsogolere koma inu. Kwa amfumu akapita ndinu, adzukulu akawauza ndinu, kuchimuna kwa agogo ku Ntcheu akudziwa inu. Ife sitingalowe kumanda popanda inu. Bwanji chikhale ndi tsiku lake ndi thumba lake? Tikakolola, anthu ali ndi chimanga chophikira alendo, msewu wouma.

Bambo a Pemphero: Ogasiti ndi wabwino, ana amakhala ali pa holide

Malume Lameki: Chaka chilichonse mumati tikakolola.

Tiyamike: N'chifukwa chake tilembe tsiku lero, ndi dzina la munthu pa chilichonse. Zakale zija zinkafa chifukwa tinkati tidzachita, osanena kuti achite ndani.

Mayi Joyce: Thumba la chiliza ndisunganso ine, koma padera, buku lina. Kusonkha kuyambe Epulo.

Malume Lameki: Bwanji osasunga ine poti ntchito ndi yanga?

Madalitso Joni: Anti Joyce asunge

Chifundo: Anti Joyce

Mphatso: Anti

Mayi Ruth: Achimwene inu mudzakhala ndi zambiri zoyendetsa, ndalama ikuchedwetsani

Lamulungu masana

Tiyamike: Ndalemba mmene ndamvera, pomwe ndalakwitsa konzani.
Panopa tikuchita denga la nyumba yaikulu basi, geji 28. Khitchini aphimba achimwene Yohane ndi malata akale. Sola, mpanda, chimbudzi, chitenje ndi tenti sizikukhudza ndalama iyi.
Ndalama ndi malisiti: mayi aang'ono Joyce. Kugula malata ndi misomali ku Lilongwe Lolemba: Bambo a Pemphero ndi ine. Mapulanga agulidwe ku Dedza konko: achimwene Yohane ndi kalipentala. Galimoto mpaka ku Linthipe ndi kulowa kumudzi: achimwene Mada. Kuyang'anira ntchito tsiku ndi tsiku ndi kutumiza zithunzi: achimwene Yohane. Kalipentala alandire theka poyamba, theka akamaliza amayi ataona. Chiliza Ogasiti chaka chamawa, otsogolera malume. Wina akafuna kuwonjezera chinthu anene pano kaye, ndipo anene ndalama yake ichokera kuti.

Mayi Ruth: Sola mwaitaya ndithu?

Madalitso Joni: Ndibwera nayo kanyale ka sola Disembala anti, kochajira ndi foni komwe. Isalowe m'thumba

Mayi Ruth: Chabwino. Koma chimbudzi chija chikutitimira, Yohane anene zoona

Yohane kumudzi: Chipirira chaka chino. Ndithira dothi m'mbali

Mayi Esinati: Mwaiwala chinthu chachikulu. Denga likasasulidwa amayi agona kuti? Nanga amisiri adya chiyani?

Tiyamike: Zoona amayi

Mayi Esinati: Ine ndikupita Lachiwiri pa 15, Tsiku la Anakubala. Ndikhala konko mpaka ntchito ithe. Amayi akagona kwa Nachisale masiku amenewo, ndamuuza kale. Ufa ulipo, ndiwo ndinyamula usipa ndi nyemba.

Chifundo: Shuga ndi mafuta ophikira ndigula ine

Mphatso: Ine ndipite nawo kukathandiza kukweza malata? Mwina yotsala ija ingakhululukidwe

Mayi Joyce: Upite, ndipo K40,000 utumizenso.

Malume Lameki: Ogasiti wake tsiku liti? Musangoti Ogasiti.

Tiyamike: Sankhani inu malume, mukaonana ndi amfumu

Malume Lameki: Loweruka lachiwiri. Ndipo chiliza chikhale cha matailosi, osati simenti yokha ngati cha anthu ena.

Bambo a Pemphero: Za matailosi tidzaona mu Epulo alamu, thumba likayamba kulemera

Malume Lameki: Ndanena matailosi.

Yohane kumudzi: Ndiye kalipentala ndimuuze kuti chiyani? Ali pompano

Mayi Esinati: Muuze abwere Lachitatu m'mawa.

Mayi Joyce: Achimwene, K100,000 yanu yalowa pa Mpamba tsopano lino, zikomo. Yatsala K50,000 ndi K25,000 ija. Ruth ndi achemwali, zanunso K25,000 ndikudikira lero, mawa alamu akunyamuka 7 koloko. Tiya, mubwezere Kondwani m'gulu, dzina lake ndafufuta pa mndandanda.