Anzanga a m'zipatala za pulayiveti, kodi n'kulikonse kapena ndi kwathu kuno kokha?

Nangozo_Nesi:

Moni nonse. Ndimangowerenga za anzanga muno osalembapo koma lero nane zandifika pakhosi ndiye ndati ndilembe mwina ena mundithandize maganizo. Ndine namwino komanso mzamba, sukulu ndinamaliza 2021, ndinakhala pakhomo chaka ndi miyezi kudikira kuti boma litiyitane, kenako ndinkangogwira malokamu, maganyu a m'zipatala, apa ndi apo mpaka ndinapeza ntchito pa kampani ina yomwe ili ndi makiliniki atatu kuno ku Lilongwe, dzina sinditchula. Eni ake ndi adokotala koma sapezekapezeka, amene amayendetsa zonse tsiku ndi tsiku ndi alamu awo, munthu woti za chipatala sanaphunzireko, iwo ndi a zowerengera ndalama.

Mwezi watha anatidula K18,000 aliyense wa shifiti ya naiti ati mabotolo a mankhwala a jakisoni a ceftriaxone asowa mu famase. Olo kutiyitana kutifunsa, tinangoona pa peyisilipi basi, chonsecho makiyi a famase usiku sakhala ndi ife. Izo ndinangomeza. Ovataimu timalemba m'kabuku koma chiyambireni sindinaionepo ndalama yake, nazo ndinameza. Chimene chandisowetsa tulo ndi cha Lachiwiri lapitali. Kunabwera mayi ndi khanda la makilo 5, likutentha thupi, a kilinishani anali atagwira kuyambira m'mawa osapuma ndiye polemba jakisoni wa gentamicin analemba 80mg, kabotolo konse, pomwe kwa mwana wa sikelo imeneyo ndi kuwirikiza kawiri. Ndinali nditakoka kale mu sirinji, mayi atamugoneka kale mwana pamiyendo atamuvula thewera, ndiye china chake chinangondiuza kuti tayang'ananso sikelo mu buku la mwanayo. Manja anga ananjenjemera anzanga, inu mukudziwa zimene gentamicin amachita ku impso ndi makutu. Ndinapita kwa akilinishani aja, anathokoza, anakonza, mwana analandira mlingo woyenera. Ine poti kusukulu anatiphunzitsa kuti zoterezi umalemba lipoti kuti zisadzachitikenso, ndinalemba, ndinaikamonso kuti munthu mmodzi asamaone odwala maola 14 yekha.

Mawa lake abwana aja anandiyitanira pa risepishoni pomwe, odwala ali pa benchi akumva, ati ndikufuna kugwetsa kampani, ati pepala ngati limenelo likakafika ku Medical Council, bungwe loyang'anira madokotala ndi makiliniki, ndidzawadyetsa ndine ana awo? Analing'amba ndikuona. Akilinishani aja pano sakundilankhula chifukwa nawo anaopsezedwa kuti awachotsa.

Ndiye funso langa, kodi mmene zililimu ndi kulikonse? Ndisiye kapena ndipirire? Ndili ndi mwana mmodzi ndiponso ndimalipirira mng'ono wanga fizi ku sekondale, lendi ku Area 25 mukuidziwa. Chonde amene munadutsamo ndiuzeni zoona.

Mayi_Sisitala:

Mwanawe, choyamba ndikuthokoze, khanda limenelo likumva ndi makutu ake onse awiri lero chifukwa cha iwe, usalole munthu akuchotse chimenecho mumtima. Ine ndagwira unamwino zaka 26, zambiri mwa izo pa chipatala cha mishoni, cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo ndikuuze kuti si kulikonse ayi. Ndaona mabwana oipa ndaonanso abwino ndipo kusiyana kwawo sikukhala pa ndalama kapena kukongola kwa nyumba, umamudziwa mtsogoleri tsiku limene zinthu zalakwika.

Ndikuuze za metroni wathu nthawi ya kolera ija, Januwale 2023, pomwe mpaka sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre anachedwetsa kutsegulira. Kwathu tinali ndi tenti kuseri kwa wodi ya amuna, mabedi aja oboola pakati, ndowa pansi, fungo la klorini mpaka m'chakudya umalimva. Usiku wina tinalandira anthu 11 nthawi imodzi ife tilipo awiri, dripu ya Ringer's yatsala makatoni ochepa, mitsempha ya odwala yaphwa moti kupeza poika kanyula inali nkhondo. Metroni anabwera cha m'ma 1 koloko usiku atavala chitenje pamwamba pa naitidiresi, palibe anawaitana, anangomva kwa mlonda. Anavala magambutsi, anayamba ndi kukataya ndowa, mayi wamkulu woti akanatha kungoima pakhomo n'kumaloza ndi chala. Usiku womwewo mtsikana wina yemwe anali atangoyamba kumene ntchito anaiwala kusintha dripu ya bambo wina, inatha kwa nthawi ndithu bamboyo n'kuyambanso kufooka. Tinawapulumutsa. M'mawa metroni anamutengera mtsikanayo ku ofesi, anatseka chitseko, anamupatsa tiyi, anamufunsa kuti fotokoza zinayenda bwanji. Zotsatira zake anakhoma bolodi mu tenti, bedi lililonse nambala yake ndi nthawi imene dripu yaikidwa, tonse timaona. Mtsikana uja pano ndi inchaji wa wodi ndipo ndi mmodzi mwa anamwino osamala kwambiri amene ndikuwadziwa.

Ndiye kumene lipoti amaling'ambako ine ndimaopa, chifukwa mawa wina akalakwitsa adzabisa, ndipo zobisazo ndi zimene zimapha anthu. Tsiku likadzafa khanda a Nurses and Midwives Council sadzaitana alamu a adokotalawo, alibe layisensi yoti n'kulandidwa iwo, adzaitana iwe wobaya jakisoniwe. Sindikuti usiye mawa, fodya wako ndi amene ali pamphuno, koma yamba kufunafuna kwina mwakachetechete, ndipo chilichonse chachitika pa shifiti yako uzilemba mu fayilo ya wodwala ndi mu buku la handova, deti, nthawi, siginecha. Zimenezo sangang'ambe.

AchimweneWaLabu:

Asisi pepani kwambiri. Ine ndi wa mu labu, ndinagwirapo malo ofanana ndi amenewo ku Blantyre zaka zitatu, kwathuko vuto linali loti amatikakamiza kuti wodwala aliyense wobwera ndi khadi la inshuwalansi tizimuyeza magazi zinthu zambirimbiri olo wangobwera ndi chimfine, ukakana ati suli ndi mtima wa kampani. Koma ine ndikufuna ndikuuzeni za malamulo poti ambirife timapondedwa chifukwa chosadziwa.

Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito pa sabata asapitirire 48, opitirira pamenepo ndi ovataimu ndipo imalipiridwa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ukagwira pa tsiku lako lopuma kapena pa holide ndi kawiri. Lamulo lomwelo silimulola bwana kumulipitsa wantchito chindapusa ngati chilango, komanso sangakuchotseni ntchito pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito asanakupatseni mpata woti muyankhepo. Ndiye K18,000 yodula gulu lonse popanda kumva mbali yanu ija, mukapita nayo ku ofesi ya leba ya boma atha kuwaitana, zikakanika kumeneko nkhani imapita ku Industrial Relations Court. Jambulani mapeyisilipi onse ndi kabuku ka ovataimu kaja pa foni lero lomwe, kabuku kameneko kamasowa msanga nkhani ikayamba.

China chimene chinandipweteka ine ndi penshoni. Lamulo limati inu muzisonkha 5% ya malipiro anu, bwana aziikapo 10%. Ine amandidula mwezi ndi mwezi, pa peyisilipi zikuoneka bwinobwino, tsiku limene ndinapita ku kampani ya penshoni kukapempha siteti menti ndinapeza kuti miyezi 19 sanatumizeko olo tambala. Pitani mukafunse yanu musadikire kusiya ntchito kaye. Komanso kodi muli mu NONM, bungwe lomenyera ufulu wa anamwino ndi azamba? Ngati simuli lowani, munthu ukakhala wekha amakuona ngati nkhuku.

MwiniKiliniki_Mzuzu:

Ndiloleni ndiyankhuleko ngati munthu wa mbali inayo. Ndine kilinikolo ofisala, ndili ndi kakiliniki kanga kakang'ono, antchito 9. Zong'amba lipoti ndi kukalipira namwino pamaso pa odwala ndi zolakwika, pamenepo sindiikira kumbuyo munthu. Koma anzanga dziwaninso kuti kuyendetsa chipatala cha pulayiveti masiku ano ndi moto. Kwacha inagwa ndi 25% mu Meyi 2022, kenako 44% mu Novembala 2023, mankhwala pafupifupi onse ndi ochokera kunja, magolovesi, masirinji, zoyezera mu labu, ukapita kwa ogulitsa lero mtengo wina sabata yamawa wina, akuti ndalama zakunja kulibe. Magetsi akazima jenereta imafuna dizilo woti mwina wagona pa mzere kuti umupeze chifukwa mu fuliji muli katemera ndi insulini. Odwala a inshuwalansi umawathandiza lero ndalama yake n'kudzabwera patapita miyezi. Ndipo tisanamizane, mankhwala amabedwadi m'zipatala, ine ndinagwirapo wantchito wanga ali ndi LA, mankhwala a malungo, m'chikwama cha nkhomaliro.

Koma kudula aliyense ndi ulesi wa bwana. Ine nditaona zija ndinaika sitoko khadi, wotuluka ndi wolowa shifiti amawerengera limodzi n'kusayina onse awiri, kuyambira pamenepo palibe chasowapo ndipo palibe amene ndamudulapo. Vuto lalikulu lomwe ndikuliona kwanuko ndi loika wachibale pa mpando woti azilamula anthu a chipatala. Wa ndalama aziona za ndalama, za odwala pakhale namwino wamkulu kapena dokotala woti mawu ake ndi omaliza. Mwayesapo kuwapeza eni akewo maso ndi maso? N'kutheka sakudziwa n'komwe zimene alamu awo akuchita, ndipo layisensi ya kilinikiyo ili m'dzina lawo, akamva za gentamicin uja sadzagona.

Nachisale_UK:

Achemwali ndakuwerengani misozi ili m'maso chifukwa ine zoterezi ndi zimene zinandithamangitsa kumudzi. Ndili kuno ku England, kufupi ndi Leeds, ndimagwira m'nyumba yosamalira okalamba, ndinabwera 2022 pomwe anatsegula visa ya osamalira anthu. Ndikulemba kuti wina asakunamizeni kuti kunja kuno mabwana onse ndi angelo. Kampani yanga yoyamba manijala ankadziwa kuti visa yanga yamangiriridwa pa iwo, ukachotsedwa ntchito amakupatsa masiku 60 okha kuti upeze kampani ina yokusayinira apo ayi uzipita, ndiye ife akuda ochokera kunja ndi amene tinkapatsidwa mashifiti a maola 12 otsatizana, Khrisimasi ife, Sande ife, ukadandaula amangoti ukudziwa amene anakubweretsa kuno. Ndinapirira chaka ndi theka ndikulira mu basi m'mawa kuli chisanu chija.

Kusiyana kwake n'koti kuno gogo akagwa kapena mankhwala akalakwika fomu imalembedwa basi, a CQC, bungwe loyang'anira nyumba zoterezi, akabwera kudzayendera amafuna kuziona, nyumba yopanda malipoti amaikayikira kuti ikubisa. Kumene ndili panopa manijala wathu ndi mayi woti anayambira pansi kusambitsa okalamba, tikachepa amavala epuloni n'kulowa nafe, tsiku lina ndinachedwa kupereka mankhwala a gogo wina wa Parkinson's ndi ola lathunthu, ndinakadziwulula ndekha mtima uli thithithi, anangoti zikomo pondiuza tiye tione chinakuchedwetsa n'chiyani. Ndinapezeka kuti ndinali ndekha pa anthu 14 m'mawa umenewo, anasintha rota.

Za kubwera kuno musaziikire mtima kwambiri, kuyambira Malichi 2024 osamalira okalamba saloledwanso kubwera ndi ana kapena amuna awo, ndipo mu Julaye 2025 anatsekeratu zotenga anthu atsopano kuchokera kunja pa ntchito imeneyi. Amene akukuuzani pa Facebook kuti tumizani mamiliyoni tikupezereni pepala ndi akuba.

Nangozo_Nesi:

Zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mungandiyankhe chonchi. Amayi Sisitala mawu anu aja oti adzaitana ine wobayayo andilowa mpaka m'mafupa, nkhani ya Lachiwiri ija ndinailemba kale mu fayilo ya mwanayo tsiku lomwelo ndiye bola pamenepo. Achimwene a labu, kabuku ndajambula masamba onse usiku wathawu pomwe anzanga anali ku wodi, ndawerengetsa maola 212 kuyambira Febuluwale. Za penshoni sindinaganizepo n'komwe, ndipita Lachisanu ndikaweruka naiti. NONM ndinalembetsa ndili kusukulu koma sindinapitirize kusonkha, ndiwaimbira.

Abambo a ku Mzuzu, eni ake amabwera Loweruka lililonse m'mawa kudzaona odwala awo a shuga ndi BP, nthawi zambiri ndine ndimawayezera odwalawo asanalowe. Ndalembanso lipoti lija kachiwiri, mapepala awiri, limodzi ndasunga kunyumba. Akilinishani aja ndinawapeza dzulo pa sitepe ya kuseri akudya chimanga chootcha, ndinawauza kuti ine sindinalembe kuti ndiwapachike, ndinalemba za maola 14 aja, anakhala chete kanthawi kenako anati Loweruka tikalowe limodzi. Mantha ndili nawo ndithu, makalata ofunsira ntchito ndaponya kale malo awiri, kwina ku chipatala cha mishoni ku Dedza. Ndidzakuuzani mmene tayendera Loweruka likadutsa.