Ndalama zachitsulo m'piyano ya eni: tithandizane pa Schnittke

Wa zokuzira mawu: Akuluakulu, ndili pa vuto. Gulu limene ndimaligwirira ntchito kuno ku Joni likukonzekera Concerto Grosso No. 1 ya wopeka nyimbo Alfred Schnittke, ija ya 1977 ya mavayolini awiri, harpsichord (chida chakale chonga piyano chimene chimakhwatcha nsambo), piyano ndi gulu la zansambo. Nyimboyi imafuna kuti tilowetse ndalama zachitsulo pakati pa nsambo za piyano, koma eni holo akanitsitsa. Chinanso, pa tango (kanyimbo kovina) ya mu chigawo chotchedwa Rondo harpsichord sikumveka, mavayolini akuiphimba.

Wochuna piyano: Eni holowo musalimbane nawo, achimwene, piyano ngati imeneyo ndi yodula. Bwerekani piyano ya grand (ija yogona) yaing'ono yakale. Koma musayerekeze kuimba popanda ndalamazo, chifukwa kulira konga belu losweka kumene kumatsegula Preludio, chigawo choyamba, n'kubweranso mu Postludio, chigawo chomaliza, kumachokera pamenepo. Polowetsa, pondani pedulo yakumanja kuti ma damper, tija toziziritsa nsambo, akwere, kenako tsegulani nsambozo ndi kamtengo, osati sikuludiraiva. Ndalama ilowe mopingasa pa nsambo zitatu za noti imodzi, ku manoti apamwamba okha. Nsambo zamkuwa za besi musazikhudze. Valani magolovesi, thukuta limachititsa dzimbiri.

Wa zokuzira mawu: Zikomo bambo. Nanga maikolofoni pa piyanopo ndiike?

Wochuna piyano: Ikani, mawu ake amachepa ikatere.

Mphunzitsi wa vayolini: Ine nkhawa yanga ili pa harpsichord. Mukaiponya m'masipika akuluakulu a holo, anthu aziona chida chili pakati koma mawu akuchokera kukhoma, ndiye kuyankhana kwake ndi mavayolini awiri aja kwatha. Concerto grosso, kuyambira nthawi ya Corelli, wopeka nyimbo wakale wa ku Italy, imadalira kagulu kakang'ono kucheza ndi gulu lalikulu. Ikani kasipika kamodzi pansi pa chidacho, mukweze pang'ono chabe. Komanso wotsogolera awauze a zansambo atsike pa tangoyo. Nthawi zambiri vuto limakhala iwowo.

Wochuna piyano: Zoona mayi. Muonenso kuti harpsichord mwabwerekayo sinasiyidwe pa kachunidwe kotsika ka 415 ndi oimba nyimbo zakale za Baroque. Ibwere pa 440 kapena 442 mofanana ndi piyano, ndipo igone m'holomo usiku wonse isanachunidwe.

Wa zokuzira mawu: Woimba harpsichord ndi piyano ndi mmodzi, ndiye ndiziika mokhota kuti azingotembenuka pampando. Kasipikako ndikayesa pa pulakatisi ya Lachinayi, ndipo ndikakhala kumpando wakumbuyo kuti ndimve ngati tangoyo ikufika.