Za laputopu yanga ija, nayi nkhani yake

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati ndigule laputopu ina kapena ndingokonzetsa HP yanga yakaleyi, yomwe imachedwa kuyaka komanso kumangozima yokha masana kuno ku Nchalo. Ambiri munati ndisathamangire kugula, ndiyambe ndaika SSD (chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk yakale). Ndinamvera ndithu.

Ndinakwera minibasi mpaka ku Limbe, nkugula SSD ya 256GB ndi RAM (memory yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito poyendetsa mapulogalamu) ina ya 4GB kuti ikwane 8GB, ndiye achimwene okonzawo atatsegula anapeza fani yadzadza fumbi, anaipukuta nkupakanso thermal paste watsopano (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, ubongo wa kompyuta), akuti kuzimazima kuja vuto linali kutentha basi, nanga kutentha kwa kuchigwa kuno si mukukudziwa nokha. Pano ikuyaka mwachangu, Word ndi Excel zikutseguka osadikira, ndipo sinazimenso olo kamodzi. Mtima wanga uli m'malo chifukwa ntchito zanga zonse zili mmenemu.

Batire lokha sindinasinthe, ndalama inathera pomwepo, magetsi akangothima nayonso yathima. China chikundidetsa nkhawa ndi Windows 10, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025 ndipo purosesa yangayi ikukana Windows 11. Amene munaikako Linux Mint (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yolowa m'malo mwa Windows) pa makina akale, kodi printa imagwira bwinobwino?