Bokosi la mafilimu a Miyazaki: tigule kapena tizingoonera pa Netflix?

Wamakatuni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Bokosi lija la Blu-ray la The Collected Works of Hayao Miyazaki, la mafilimu a wopanga makatuni wa ku Japan uja, lomwe linatuluka ku America mu 2015, n'loyenera ndalama zake? Muli mafilimu 11, kuyambira The Castle of Cagliostro ya 1979 mpaka The Wind Rises ya 2013.

Wokonza mawailesi: Achimwene, yambani mwaona region, kutanthauza chigawo cha dziko chimene chimbale chinakhomeredwa kuti chiziseweredwako. Zimbale za ku America ndi ku Japan ndi Region A, pamene makina ogulitsidwa kuno ku Africa ndi ku Ulaya ndi Region B. Chimbale chokhomedwa pa A chimangokana basi. Musathamangirenso kuitanitsa player ya ku America: magetsi awo ndi 120V, athu 230V. Ngati kumbuyo sikunalembedwe 100–240V, mukangolumikiza yapsa. Funani zimbale zotuluka ku Britain.

Mayi wa atatu: Ine ndikuti musagule. Netflix ili ndi mafilimu a Studio Ghibli, kampani imene inapanga mafilimu ambiri a Miyazaki, kuyambira 2020. Komanso bokosilo n'loperewera, mulibe The Boy and the Heron ya 2023, imene inapata Oscar mu 2024. Bambo Miyazaki analengeza zopuma mu 2013, anthu n'kumanga bokosi, iwo n'kubwereranso pa desiki!

Wojambula: Mayi, ngati n'zoonetsa ana, mwalondola. Koma wophunzira kujambula ayenera chimbale. Miyazaki anayamba ntchito ku kampani ya makatuni ya Toei mu 1963 akujambula zithunzi zapakati, zija zolumikiza mayendedwe, ndipo luso lake lagona pomwepo. Imitsani filimu, muziyendetsa chithunzi chimodzichimodzi pamene Chihiro akutsika masitepe mu Spirited Away: amayamba ndi kutambasula mwendo mwamantha, thabwa n'kuthyoka, kenako liwiro mpaka kukaomba khoma. Netiweki ikafooka chithunzi chimaphwanyika timabokosi, ndiye nkhalango ya mu Totoro, imene Kazuo Oga anaipenta ndi burashi, imangooneka phala lobiriwira. Ndege nazonso n'zofunika kuzionera pafupi. Kampani ya banja la Miyazaki inkapanga zipangizo za ndege zankhondo za Zero, n'chifukwa chake mapiko ndi mapulopela sajambula mongoyerekeza. A John Lasseter, amene anali ku kampani ya makatuni ya Pixar, anavomera poyera kuti ankaphunzira kwa iyeyu.

Wokonza mawailesi: Musaiwale bandulo. HD imadya pafupifupi 3GB pa ola, ndipo Princess Mononoke yokha imapitirira maola awiri.

Mayi wa atatu: Nanga mtengo wotumizira ndi msonkho wa pa kasitomu mwawerengera? Kumeneko n'kumene ndalama ithere.

Wojambula: Ndiye asiye bokosi, agule zitatu zokha za Region B: Nausicaä, Totoro ndi Mononoke. Zimbale zogulitsidwa pachokhapachokha zambiri zimakhala ndi storyboard (zojambula zoyamba zosonyeza ndondomeko ya nkhani) ya filimu yonse, yojambula mwini wake. Koma achenjere ndi zobena. Mukaona mafilimu khumi apanikizidwa pa zimbale ziwiri, mtengo wozizira, mawu apansi osokonekera, ndi feki imeneyo.

Wamakatuni: Zamveka. Nanga Cagliostro, poti si ya Ghibli, imapezeka payokha pa Region B?