Purosesa yanga ya 2500K ikupirira Prime95 usiku wonse koma ikufa ikangopuma, vuto lili pati?

KameraYaSalima

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi Core i5-2500K pa bodi ya ASUS P8Z68-V, RAM ya DDR3 yokwana 16 GB, ndipo choziziritsa ndi Hyper 212 EVO. Ndikudziwa kuti purosesa imeneyi ndi ya 2011, musandiseke, ndi imene ikundidyetsa. Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe, ndiye nthawi ino ya chilimwe ntchito zimachita kupanikizana, aliyense akufuna vidiyo yake abale asanabalalike. N'chifukwa chake ndinalowa mu BIOS (mmene mumakhala makonzedwe a bodi) kuti ndiikwezeko liwiro.

Multiplier (nambala yochulukitsira liwiro) ndaika pa 45, BCLK (liwiro loyambira la bodi) ndaisiya pa 100 MHz, ndiye ikuthamanga 4.5 GHz. Voltage ili pa Offset, ndachotsa 0.070. Load-Line Calibration (LLC) ili pa Extreme. SpeedStep ndi ma C-state, zimene zimatsitsa liwiro ndi magetsi purosesa ikapuma, sindinazimitse, sindifuna kuti izindithera mayunitsi pamene ili chete. Pulogalamu ya CPU-Z ikuonetsa 1.33 V purosesa ikalemedwa, ndipo ikapuma imatsika mpaka 0.88 V.

Chondizunguza mutu n'chakuti Prime95, pulogalamu yoyesa purosesa poipanikiza, pa mayeso a Small FFTs imayenda usiku wonse popanda cholakwika, kutentha osapitirira madigiri 78. Kurenda mavidiyo nakonso imamaliza bwinobwino. Koma ikangomaliza, ndimamva fani ikutsika phokoso pang'onopang'ono, kenako sikirini ya buluu ija mbwee, WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR. Nthawi zina ilibe n'komwe ulemu woonetsa buluuyo, imangouma, mausi osasuntha, ine ndikungowerenga uthenga pa intaneti basi.

Mnzanga wina akuti ndingoponya 1.40 V ndi kukwera pa 4.7 kamodzin'kamodzi. Ndimumvere?

MadalaWaMawaya

Achimwene, mnzanuyo musamumvere kaye. Purosesa yanu sikusowa magetsi pogwira ntchito, ikusowa magetsi popuma, ndipo manambala amene mwalembawo akuulula okha.

Offset imagwira chonchi. Purosesa imapempha yokha voltage molingana ndi liwiro limene ili nalo panthawiyo: ikatsika pa 1.6 GHz imapempha yochepa, ikakwera pa 4.5 imapempha yambiri. Inu mukalemba kuti chotsani 0.070, bodi imachotsa ponseponse, pamwamba ndi pansi pomwe. Tsono LLC ya Extreme imabwezera magetsi pokhapokha purosesa ikalemedwa. Pamwamba mwachotsa n'kubwezera, pansi mwangochotsa. Zili ngati waganyu amene mumamudyetsa nsima yambiri tsiku lolima, koma tsiku lopuma osamupatsa ngakhale phala. Prime95 singakuuzeni zimenezi chifukwa imaipanikiza purosesa osaipatsa mpata wotsika. 0.88 V ija ndi imene ikukugwetsani.

Anthu ambiri amadana ndi vdroop, kutsika kwa voltage kuja purosesa ikalemedwa, ngati ndi chilema cha bodi. Intel inaika dala. Katundu akachoka mwadzidzidzi, monga pamene renda yatha, voltage imadumpha m'mwamba kwa kanthawi kochepa kwambiri VRM (mbali ya bodi yopereka magetsi ku purosesa) isanadzikonze, ndipo katundu akabwera mwadzidzidzi imagwa pansi. Vdroop imasiya mpata woti kudumphako kusafike poononga. CPU-Z siona zimenezi, zimachitika mofulumira kuposa mmene iyo imawerengera. Mukaika Extreme mwachotsa mpata wonsewo.

Ine ndikanachita izi. Tsitsani LLC pa High kapena Medium. Offset itembenuzeni ikhale yowonjezera, muyambire pa 0.005 n'kumakwera pang'onopang'ono, 0.005 nthawi iliyonse, mpaka CPU-Z ionetse pafupi ndi 1.32 V ikalemedwa. Mudzaona kuti voltage yopumira yakwera yokha kuyandikira 1.0 V. Ikapitiriza kufa ili chete, zimitsani ma C-state a C3 ndi C6 koma C1E ndi SpeedStep muzisiye, izitsikabe pa 1.6 GHz.

Musadalire sikirini ya buluu yokha. Tsegulani Event Viewer ya mu Windows, pa System muyang'ane mizere ya WHEA-Logger. Pamakhala zolakwika zimene purosesa yadzikonzera yokha kompyuta osagwa, ndipo zikamaoneka ndiye kuti muli m'mphepete ngakhale Prime95 ikusekerera. Buluu wanuyo nambala yake ndi 0x124. Kawirikawiri ndi Vcore, voltage ya purosesa ija, koma poti muli ndi 16 GB, nthawi zina amakhala VCCIO, voltage ya mbali ya purosesa yolankhulana ndi RAM. Imeneyo imakhala pa 1.05 V, mutha kuyesa 1.10, koma pambuyo poti zinazi zakanika. Mukaona CLOCK_WATCHDOG_TIMEOUT, imene ndi 0x101, pamenepo ndiye onjezani Vcore mosakayika. RAM muiyese payokha ndi MemTest86 zonse zili pa default, kuti musamaimbe mlandu purosesa pamene wolakwa ndi wina.

Sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani mu kope. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chachiritsa.

BCLK mwachita bwino kuisiya. Pa Sandy Bridge, banja la mapurosesa limene muli 2500K, inamangiriridwa pamodzi ndi PCIe ndi SATA, mukaikankha kwambiri mutha kuononga mafayilo pa disiki, ndipo mkwatibwi sangamve zoti BCLK. Internal PLL Overvoltage isiyeninso yozima, pa 45 sifunika, komanso imadziwika ndi kusokoneza kompyuta podzuka ku sleep.

Nachi_Zomba

Zimene anena madalawa ndi zoona, ine ndingowonjezera za kutentha, chifukwa ndaona dzina lanu. Madigiri 78 amenewo munayeza usiku. Ku Salima mu Okutobala, m'nyumba ya malata, 2 koloko masana ndi dziko lina. Choziziritsa cha fani sichipanga kuzizira, chimangotaya kutentha mu mpweya wa m'chipindamo. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10, purosesa nayo imakwera ndi pafupifupi 10 omwewo. Ndiye 78 wanu ndi 88 masana, pamene 2500K imayamba kudzichepetsa yokha liwiro pa 98. Manambala amene anthu a ku Ulaya amaika pa intaneti amayeza m'zipinda zozizira, osawakopera mwachimbulimbuli.

Za 1.40 V, tiyeni tiwerengere. Magetsi amene purosesa imadya amakwera ndi voltage kuchulukitsa ndi voltage yomweyo, kenako kuchulukitsanso ndi liwiro. Kuchoka pa 1.32 kufika pa 1.40 ndi maperesenti 12 owonjezera, liwiro musanalikhudze n'komwe. Phindu lake? Kuchoka pa 4.5 kufika pa 4.7 ndi maperesenti 4 ndi kachidutswa. Renda ya ola limodzi mupulumutsa mphindi ziwiri ndi theka. Phindu lenileni munatenga kale: purosesa imeneyi ikamagwiritsa ntchito makoo (zigawo zake zogwira ntchito) onse anayi osaikhudza imathamanga 3.4 GHz, ndiye 4.5 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pamwamba pake. Voltage yambiri pamodzi ndi kutentha zimadya timawaya ta m'kati pang'onopang'ono, ndipo chizindikiro chake n'chakuti liwiro lomwelo limayamba kufuna voltage yochulukirapo. Purosesa ya kaunjika simudziwa kuti mwini wake woyamba anaizunza bwanji.

Tsegulani kesi muone pakati pa fani ndi timalata ta Hyper 212. Fumbi la chilimwe limaundana pamenepo ngati thonje, kunja osaoneka mpaka mutachotsa faniyo. Phala lija la pakati pa purosesa ndi choziziritsa ngati lauma, pukutani muike latsopano, kadontho kamodzi pakati. Wina asakunamizeni zochotsa chivundikiro cha purosesa. Zimenezo ndi za mapurosesa a 3570K ndi 4770K amene m'kati mwake muli phala. 2500K chivundikiro chake anachiwotcherera ndi chitsulo chosungunula (solder), mukachikanula mwaipha.

Gwiraninso timalata ta VRM tozungulira soketi pamene ikurenda. Choziziritsa choimirira ngati chanucho chimaponya mpweya kumbuyo, sichipemerera pansi pa bodi monga chija chimabwera ndi purosesa. Ngati chala sichikupirira, ikani kafani kena pamenepo.

Power supply simunaitchule. Ndi yanji?

KameraYaSalima

Zikomo kwambiri madala, zikomo achemwali. Power supply ndi ya 550 W, ya dzina lodziwika, si zija zopepuka ngati mulibe kanthu m'kati. Ndinaigula yatsopano pamene yakale inanunkha chopserera magetsi atabwera mwamphamvu.

Nazi zimene zachitika. LLC ndatsitsa pa High, offset ndawonjezera 0.010. Ikalemedwa ikuonetsa 1.31 V, ikapuma 0.97 V. Ndarenda chinkhoswe chathunthu, fani n'kutsika phokoso, ine mtima uli m'mwamba kudikira buluu, koma ayi ndithu, yangokhala. Ndaisiya yoyaka osaikhudza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ili moyo. Mu Event Viewer ndinapezamo mizere ya WHEA-Logger ya masiku am'mbuyomu, koma chisinthireni palibe watsopano. C3 ndi C6 sindinazikhudze, VCCIO ilinso pomwe inali.

Fumbi linalipodi, chikhathamira chenicheni kuseri kwa fani. Nditapukuta ndinayesa Prime95 masana dzuwa lili paliwombo, mazenera otsegula, ndipo koo yotentha kwambiri inafika 84. Pa renda yeniyeni ikuima cha m'ma 70. Za 4.7 ndazisiya, mnzanga uja akayese pa yake.

Funso latsala limodzi. Magetsi akazima mwadzidzidzi n'kubweranso, bodi nthawi zina imandilonjera ndi uthenga woti overclocking yalephera, ndidine F1. Kodi ndiye kuti sizinakhazikike?

MadalaWaMawaya

Ayi achimwene, zimenezo si umboni. Bodi ikaona kuti kuyaka kwapita sikunathe bwino, imangoganiza kuti wolakwa ndi overclock, n'kuyaka ndi manambala otetezeka. Dinani F1, onani kuti zanu zilipo, sungani ndi F10. Koma pitani pa Tool, pa O.C. Profile, musunge zimene mwapezazi, kuti tsiku limene mudzafufute CMOS, mmene bodi imasunga makonzedwe a BIOS, musadzayambirenso. Ngati ikuiwalanso nthawi ndi deti, kabatire ka CR2032 kaja katha, pa bodi ya zaka zimenezo n'zosadabwitsa. UPS (batire losunga magetsi akazima) ngakhale yaing'ono ikuthandizani kuti muzizimitsa mwaulemu, makamaka renda ili pakati.

84 pa Prime95 masana a ku Salima ine sindingadandaule nayo. Mukafuna mtendere wochuluka, sungani profile yachiwiri ya multiplier 44 ndi voltage yotsikirapo, muzigwiritsa ntchito mpaka mvula itagwa. Ndipo poti Windows 10 Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 siivomereza 2500K, mavidiyo a makasitomala muzisunganso pa disiki ina yosalumikizidwa ku kompyutayo.