Kuyenda wapansi ndi ma renja ku Kgalagadi, ndalama yake ikuyenera?

Make Tadala: Abale mwaswera bwanji. Ife ndi abambo akunyumba tikupita ku Kgalagadi, paki ya nyama zakutchire ya m'malire a South Africa ndi Botswana, mu Julaye, malo tagwira kale ku kampu ya Twee Rivieren. Nde a SANParks, oyang'anira mapaki a boma ku South Africa, ali ndi walk, zoyenda wapansi mmamawa ndi ma renja, komanso sunset drive, kuzungulira pagalimoto ya ma renja dzuwa likamalowa, zonsezi nzolipira padera pamwamba pa ndalama yolowera ya tsiku ndi tsiku ija. Tilipire kapena tizingozungulira pagalimoto yathu basi?

Mjoni wa ku Dedza: Mayi sungani ndalama zanu. Petulo yekha kuchoka Joburg kukafika Upington, kenako makilomita ena pafupifupi 250 kukafika pageti, thumba lapepuka kale. Nyama kumeneko zimakonda mmitsinje youma ija, Auob ndi Nossob, komwe anakumba zitsime ndipo msewu umadutsa momwemo. Mungoima pachitsime nkuzimitsa injini, gemsbok ndi springbok (mitundu ya agwape), nyumbu zibwera zokha, mukachita mwayi ndi mkango wa manyenje akuda womwe. Wapansi nyama zimakuonerani patali nkuthawa.

Achimwene a ku Upington: Apa ndikana achimwene. Zoti mkango mumauona bwino muli mgalimoto nzoona sindikutsutsa, koma lamulo la mpaki ndi loti simutsika kupatula pa kampu ndi malo odyera aja, ndiye tsiku lonse mumangokhala pampando mchenga wofiira uja osauponda nkomwe. Ndi renja mumanyamuka kusanache, iye mfuti kumanja inu pambuyo pamzere osalankhula mokweza, kenako amangoima nkuloza pansi akuti apa padutsa fisi usiku, apa nungu amakoka minga yake, apa nkhandwe inaima nkutembenuka, ndipo mukawerama mumaonadi zala zake zonse chifukwa mphepo imakhala isanafafanize. Ine anandionetsa kauna ka chinkhanira kamene ndikanakaponda osadziwa, pakamwa pake pophwatalala osati pozungulira. Anatola tsamma, vwende lakutchire lija, nkufotokoza kuti gemsbok imapeza madzi mmenemo nchifukwa chake imatha nthawi yaitali osamwa. Ndiye chisa cha timbalame ta sociable weaver mukachiimira pafupi mu mtengo wa camel thorn, chachikulu ngati denga la udzu la nyumba ya kumudzi, phokoso lake mkatimo mgalimoto simungalimve.

Mjoni wa ku Dedza: Komatu munthu wayenda mtunda wonsewo akufuna mkango osati una wa chinkhanira. Anthu akakhala atatu ndalama yakeyo yakwana tsiku lina logona pakampu.

NaPhiri: Pepani ndilowerere. Mayi, Tadala ali ndi zaka zingati? Ana osakwana zaka 12 saloledwa pa walk.

Make Tadala: Aaa ali ndi 9 uyu. Zimenezo sindimadziwa, zikomo asisi.

NaPhiri: Ndiye kwa inu sunset drive ndi imene ndinganene kuti lipirani osaganiza kawiri. Geti likatsekedwa madzulo aliyense amayenera akhale ali mukampu, galimoto ya ma renja yokha ndi imene imatsala kunja ndi matochi, ndipo nyama zausiku monga bat-eared fox, akadzidzi, springhare mumaziona nthawi imeneyoyo. Nyenyezi zake nazo eee mzimayi wina amene tinali naye mpaka anagwetsa misozi. Koma Julaye kumazizira zoopsa, usiku kumafika pansi pa 0, galimoto yake ndi yosatseka mmbali, tengani majekete, zipewa ndi bulangeti.

Achimwene a ku Upington: Chinanso musaiwale mapasipoti. Malawi ili mu SADC ndiye ndalama yolowera ndi yotsikirapo kusiyana ndi ya alendo akunja, koma popanda chiphaso sakumverani. Imene mwapulumutsa apoyo ndi imene mungalipirire walk.

Mjoni wa ku Dedza: Za sunset drive ndavomera, imeneyo simungapange nokha. Za wapansi ndikadali pomwepo.

Make Tadala: Tangokambirana ndi abambo, akuti iwo atsala ndi mwana pakampu mmamawa umodzi ine ndipite ndekha ku walk, mapazi a fisi aja andikoka mtima achimwene. Madzulo tonse atatu pa drive. Kubukitsa kwake ndi pompano kapena tikafika?

Achimwene a ku Upington: Imbani ku reception ya Twee Rivieren musananyamuke, anthu akachepa ulendo sumakhalapo ndiye mudziwiretu tsiku lake. Mukafika muchepetse mpweya mmatayala, misewu yamkatimo ndi yamchenga ndi yamabampu.