Bwanji mlandu wa Manuel Chang unakazengedwa ku Brooklyn?

Nambewe:
Akuluakulu, ndithandizeni pano. Manuel Chang anali nduna ya zachuma ku Mozambique, ngongole zobisika za makampani a boma anazisainira ku Maputo, ndalama zinachokera ku mabanki a ku London, ndipo anamugwira pabwalo la ndege ku Johannesburg. Nanga zinatheka bwanji kuti akamuzenge mlandu ku Brooklyn, kukhoti la Eastern District of New York? Khotili ndi la mzinda kapena la dziko lonse la America? Ndipo ngati nkhani ndi ya madola, bwanji sanapite naye ku Manhattan komwe kuli Wall Street?

Chisale_wa_Malamulo:
Mayi Nambewe, khotili si la mzinda ayi, ndi la boma la feduro. Ku America makhoti ali pawiri. Chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi makhoti ake, ndipo ndi amene amaweruza milandu yambiri ya tsiku ndi tsiku: kuba, kupha, maukwati, malo, lendi. Boma la feduro nalo lili ndi ake, ndipo oyambira milandu ndi ma District Court 94. Chigawo cha New York chili nawo anayi: Northern, Southern (komwe kuli Manhattan), Eastern (komwe kuli Brooklyn) ndi Western. Ku Malawi High Court ndi imodzi, ili ndi mphamvu pa mlandu wamtundu uliwonse, kaya mwasumira ku Blantyre kapena ku Mzuzu. District Court njosiyana. Imamva mlandu wokhawo umene lamulo la Congress, nyumba ya malamulo ya America, laupereka m'manja mwake, ndipo wina uliwonse jaji amautaya ngakhale mbali zonse ziwiri zitamuchonderera kuti aumve.

Kuti nzika ya dziko lina iime pamaso pa jaji wa ku Brooklyn, oimira boma ayenera kukhala ndi lamulo la feduro lomwe laphwanyidwa, munthuyo m'manja mwawo, ndi umboni woti mlanduwo unakhudza dera la khotilo.

Pa za lamulo, Chang sanamuzenge chifukwa chobera a Mozambique, izo ndi za makhoti a ku Maputo. Anamuzenga milandu iwiri: kupangana ndi ena kuchita wire fraud, chinyengo chodzera pa mauthenga a lamya kapena intaneti, ndi kupangana kubisa komwe kwachokera ndalama za katangale. Chimene chimakokera America m'nkhani ngati izi ndi njira imene dola imayenda. Banki ya ku Abu Dhabi ikamatumiza madola ku banki ya ku Ulaya kapena ku Africa kuno, nthawi zambiri ndalamazo zimadutsa kaye m'maakaunti amene mabankiwo ali nawo ku New York. Wotumizayo sanapondeko ku America, koma uthenga wa ndalamawo wapondako. Lamulo la kubisa gwero la ndalama limanena poyera kuti limagwira mlendo ngati mbali ina ya ntchitoyo inachitikira ku America ndipo ndalamazo zaposa madola 10,000. Kuonjezera apo, zina mwa ngongole za makampani atatu a boma la Mozambique, Proindicus, EMATUM ndi MAM, zomwe zonse pamodzi zinali pafupifupi madola 2 biliyoni, zinagulitsidwa kwa anthu oika ndalama m'mabizinesi, ena a ku America komweko. Boma la America linati amenewo ananamizidwa za komwe ndalama zikupita, ndiponso kuti Chang analandira ziphuphu za madola 7 miliyoni.

Za kumugwira munthuyo ndiye zinatenga nthawi. Malamulo oyendetsera dziko la Mozambique salola kupereka nzika yake kudziko lina, n'chifukwa chake anadikira atatuluka. Anamangidwa pa OR Tambo pa 29 December 2018, ndipo South Africa ili ndi pangano lopatsana oganiziridwa milandu ndi America. Mozambique nayo inamufuna. Nduna ziwiri za chilungamo za South Africa, Michael Masutha mu 2019 ndi Ronald Lamola mu 2021, zinasankha kumutumiza ku Maputo, koma High Court ya ku Johannesburg inakana mu November 2021, ndipo apilo ya Mozambique inathera ku Constitutional Court mu 2023. Anafika ku New York mu July chaka chomwecho.

Funso lanu la Manhattan lili pa chachitatuchi, chimene maloya amachitcha venue, ndipo apa ndi pamene milandu yotere imagwera. Malamulo oyendetsera dziko la America amati munthu azengedwe m'dera limene mlandu unachitikira. Pa mlandu wopangana, lamulo ndi lofewa: ndi zokwanira kuti mmodzi mwa opanganawo anachita kanthu kopititsa chiwembucho patsogolo ali m'deralo. Bwalo la ndege la JFK lili ku Queens, m'dera la Eastern District. Pa mlandu wa United States v. Tzolov mu 2011, khoti la apilo la Second Circuit linati kukwera ndege pa JFK popita kukakumana ndi anthu ofuna kuwanamiza kunali kokwanira pa mlandu wopangana, koma sikunali kokwanira pa mlandu wa chinyengo chenichenicho, ndipo mlandu umenewo anaufafaniza. Onaninso kuti venue safuna umboni wochotsa chikaiko chonse monga mbali zina za mlandu. Boma lingoonetsa kuti n'zotheka kwambiri kusiyana ndi kusatheka.

Ngakhale mpanda wake ndi waufupi chonchi, boma linaupunthwa. Jean Boustani wa kampani ya Privinvest, yomwe boma linati ndiyo inapereka ziphuphuzo, amene anazengedwa pa nkhani yomweyi m'khoti lomweli, jury, gulu la anthu wamba ogamula ngati munthu ndi wolakwa, inamumasula mu December 2019, ndipo ena mwa anthu a juryyo anauza atolankhani kuti sanakhutire zoti mlanduwo unali wa ku Brooklyn. Munthu amene jury yamumasula, boma silingachite apilo. Kwa Chang zinatha mwina: jury inamupeza wolakwa pa 8 August 2024, ndipo mu January 2025 jaji Nicholas Garaufis anamupatsa zaka zisanu ndi zitatu ndi theka.

Kamwendo:
A Chisale afotokoza bwino za lamulo. Ine ndionjezere za malire, chifukwa anthu amaganiza kuti Brooklyn ndi nthambi ya khoti la ku Manhattan. Ndi makhoti awiri ofanana mphamvu, aliyense ndi majaji ake ndi ofesi yake ya United States Attorney, mkulu wa oimira boma pa milandu, ndipo maofesi awiriwa amalimbirana milandu ikuluikulu.

Poyamba New York yonse inali dera limodzi. Lamulo la Judiciary Act, lomwe George Washington anasaina pa 24 September 1789, linakhazikitsa District of New York, ndipo jaji wake woyamba James Duane anatsegula khoti pa 3 November chaka chomwecho. Mu 1814 analigawa pawiri, Northern ndi Southern. Eastern District inadulidwa ku Southern pa 25 February 1865, Abraham Lincoln ali pulezidenti, nkhondo yapachiweniweni isanathe. Nthawi imeneyo Brooklyn unali mzinda paokha, unalowa mu New York City mu 1898. Ntchito yaikulu ya makhotiwa inali ya panyanja: zombo zogundana, malipiro a amalinyero, katundu wozembetsa msonkho, zombo zolandidwa pankhondo. Doko linali litadzaza khoti la ku Manhattan, pomwe madoko ambiri ndi Navy Yard zinali tsidya la Brooklyn. Jaji woyamba, Charles Benedict, anakhala pampando kuyambira 1865 mpaka 1897.

Mbiri ya zomboyi inasiya chinthu chimene chikugwirabe ntchito. Lamulo la malire limati Eastern District ndi maboma asanu amene kumeneko amawatcha county: Kings, yomwe ndi Brooklyn, Queens, Richmond, yomwe ndi Staten Island, Nassau ndi Suffolk. Koma pamadzi makhoti awiriwa amagawana. Eastern ili ndi mphamvu pamadzi ozungulira Manhattan ndi Bronx, Southern nayo ili ndi mphamvu pamadzi a Eastern. Analemba choncho kuti pasakhale mkangano chombo chikagwidwa pakati pa East River. Lero oimira boma amagwiritsa ntchito ndime yomweyo ponena kuti uthenga wa ndalama, kapena galimoto yodutsa pamlatho, yadutsa pamadzi a khoti lawo. Ine ndimaona kuti apa lamulo analikoka mpaka kutalika kuposa momwe olembawo ankaganizira, koma khoti la apilo lakhala likuvomereza.

Musaganizenso kuti District Court ya 1865 inali ndi mphamvu za lero. Milandu ikuluikulu inkapita ku Circuit Court, ndipo mphamvu yomva mlandu uliwonse wokhudza malamulo a feduro Congress inaipereka mu 1875. Ma Circuit Court akalewo anathetsedwa kuyambira 1 January 1912, ntchito yawo yonse n'kugwera District Court.

Panopa khotili lili ndi mipando 15 ya majaji, osankhidwa ndi pulezidenti, kuvomerezedwa ndi Senate, ndipo sapuma pokhapokha afune okha kapena achotsedwe ndi Congress. Amathandizidwa ndi majaji opuma amene amamvabe milandu, komanso ma magistrate judge a zaka zisanu ndi zitatu, amene amaona za belo ndi kukonzekera milandu. Nyumba zake ndi ziwiri, ku Cadman Plaza ku Brooklyn ndi ku Central Islip ku Long Island. Chang si mlendo woyamba kumeneko. Milandu ya akuluakulu a FIFA amene anagwidwa ku Zurich mu May 2015 inachokera kuno, Joaquín Guzmán wa ku Mexico anapezeka wolakwa kuno mu February 2019, ndipo mu October 2021 nthambi ya Credit Suisse ya ku Ulaya inavomera mlandu kuno pa ngongole zomwezi za Mozambique.

Nambewe:
Zikomo nonse, zamveka. Ndiye tinene kuti munthu ali ku Lilongwe watumiza ndalama kwa wamalonda wa ku Queens kuti amugulire makina, makinawo osabwera. Angasume kukhoti limeneli?

Mayi_Nyirenda:
Zitengera kuti wosumiridwayo ndi nzika ya kuti komanso ndalamazo ndi zingati. Kuphwanya pangano la malonda si nkhani ya malamulo a feduro, choncho khomo lokhalo lolowera ndi lija amati diversity: mbali ziwirizo zikhale nzika za malo osiyana, ndipo ndalama zipose madola 75,000 osawerengera chiwongoladzanja ndi zolipira kukhoti. Zipose, osati zifike. Mlandu wa madola 75,000 enieni amaubweza. Mu 1789 malire amenewa anali madola 500, ndipo 75,000 anaikidwa mu 1996.

Pa za unzika ndi pamene ambiri amatayira ndalama za loya. Mmalawi wa ku Lilongwe kusumira nzika ya America yokhala ku Queens, khoti limva. Koma ngati wamalondayo ndi Mmalawi mnzake kapena Mnaijeriya amene ali ndi green card yokha, onse awiri ndi alendo ndipo khoti lilibe mphamvu. Ikakhala kampani, imawerengedwa nzika ya chigawo chimene inalembetsedwa ndiponso ya komwe kuli likulu lake. Koma mabizinesi ang'onoang'ono ambiri kumeneko ndi a mtundu wa LLC, ndipo LLC imatenga unzika wa eni ake onse. Mwini mmodzi akangokhala mlendo, mlandu wa wodandaula wakunja wagwa. Choopsa n'choti vuto limeneli silitha ndi nthawi. Jaji akhoza kulitulukira patatha zaka ziwiri, kapena pa apilo, n'kufafaniza zonse.

Zikakhala kuti zonse zili bwino, ndondomeko yake ndi iyi. Mupereka chikalata cha dandaulo chofotokoza unzika wa aliyense ndi ndalama zake, ndi kulipira madola 405, kapena kupempha jaji akukhululukireni ngati mulibe. Munthu payekha angathe kudziimira, kampani singathe, iyenera kukhala ndi loya wovomerezeka kukhotilo. Samani ifike kwa wosumiridwa pasanathe masiku 90, ndipo iye ali ndi masiku 21 oti ayankhe. Akapanda kuyankha mumapempha chigamulo cha kusabwera kwake. Mlandu wa ku Queens umamvedwa ku Brooklyn, a ku Nassau ndi Suffolk ndiwo amapita ku Central Islip. Popeza wodandaula ali kunja, winayo angapemphe kuti aike ndalama ya chikole yolipirira zowonongedwa akaluza. Apilo imapita ku Second Circuit ku Manhattan pasanathe masiku 30 chigamulo chitalembedwa. Samalaninso nthawi: New York imapereka zaka zisanu ndi chimodzi pa milandu yambiri ya pangano ndi zinayi zokha pa pangano logulitsa katundu, koma wodandaula wokhala kunja amene anapwetekedwera kwawo amamangidwa ndi nthawi yofupika mwa ziwirizo, ya New York kapena ya kwawoko.

Ndalama zikachepa, pitani kumakhoti a chigawo. Small Claims ya New York City imafika madola 10,000, Civil Court 50,000, ndipo zoposa apo zimapita ku Supreme Court ya Queens County. Dzinalo lisakuopseni, ku New York khoti lotchedwa Supreme Court ndi loyambira milandu, lalikulu kwambiri m'chigawocho ndi Court of Appeals ya ku Albany. Ndipo kupambana ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Musanalipire loya, fufuzani ngati wamalondayo ali ndi akaunti kapena katundu woti n'kulanda.

Chisale_wa_Malamulo:
Mayi Nyirenda anena zoona. Chimodzi chokha chimene abale athu okhala ku Queens ndi Brooklyn amasokoneza: lamulo lothamangitsa munthu m'dziko silitsutsidwa ku District Court. Limachokera ku Immigration Court, apilo n'kupita ku Board of Immigration Appeals, kenako ku Second Circuit pasanathe masiku 30. District Court imalowa pa zina. Munthu wosungidwa m'ndende ya za olowa m'dziko amapempha habeas corpus, kuti jaji aone ngati akusungidwa motsatira lamulo, kukhoti la dera limene akumusungako, ndiye akangomusamutsira ku New Jersey kapena Louisiana, Brooklyn sithandizanso. Amene anafunsidwa kale mafunso a unzika koma masiku 120 adutsa popanda yankho, angasume ku District Court ya komwe amakhala.

Mukafuna kuwerenga nokha zikalata za mlandu wa Chang, zili pa PACER, tsamba la pa intaneti la makhoti a feduro, nambala yake ndi 18-cr-681. Amalipiritsa masenti 10 patsamba, osaposa madola 3 pa chikalata chimodzi, ndipo mukapanda kupyola madola 30 pa miyezi itatu sakulipiritsani.